Mwana wanu akufuna hurling? Njira yake ndi iyi, kuchokera ku kilabu mpaka ku county

Anzanga amene muli kuno ku Ireland ndi ana, tsiku lina mwana adzabwera kuchokera kusukulu n'kukuuzani kuti akufuna hurling, masewera a kuno omenya kampira ndi ndodo. Chonde musamukanize. Ine wanga atayamba ndinkaopa kuti amugulula mano ndi ndodo zija, koma pano Loweruka likangokwana ndimakhala ndili pa galaundi kaya kugwe mvula.

Choyamba pezani kilabu ya GAA (bungwe loyendetsa hurling) ya dera lomwe mukukhala. Apa ndi pomwe ambirife timasokonekera poti tinazolowera mpira woti pleya amagulidwa, lero ali timu iyi mawa ali ina. Ku hurling kulibe zimenezo, mwana amasewera kilabu ya parishi yake ndipo ambiri amakalambira momwemo. Taonani katswiri wa hurling Henry Shefflin, anabadwa 1979 n'kukulira ku Ballyhale, kamudzi kakang'ono ka ku Kilkenny, anatenga All-Ireland (chikho cha dziko lonse) ka 10 ndi timu ya county (yoimira boma lonse la Kilkenny) koma kilabu yake inali Ballyhale Shamrocks basi, sanasinthepo, ndipo nayonso anatenga nayo All-Ireland ya makilabu mu 2007, 2010 ndi 2015. Ndiye musavutike kusakasaka kilabu yotchuka kutali uko, pitani yapafupiyo mukalembetse.

Zida sizambiri. Helimeti ya zitsulo kumaso ndi lamulo kwa aliyense kuyambira 2010, apa musaumire ndalama. Ndodo ija amati hurley, zambiri zimasemedwa ku mtengo wa ash, ndipo musagule yaitali eti akula nayo ngati yunifolomu, ayi, imamuwonongera kamenyedwe. Mwana aimirire manja ali m'mbali, ndodo ikaima pansi ifike pomwe timavala wotchi. Kampira amati sliotar, a ana ang'ono amakhala ofewa.

Tsopano chachikulu ndi khoma. Telening'i ya ku kilabu kamodzi kapena kawiri pa sabata siyokwana, mwana apeze khoma lopanda mawindo azimenya kampirako kakabwerera awakhe, amenyenso, kumanja ndi kumanzere komwe, olo mphindi 15 patsiku. Dzanja lomwe amalembera likhale pamwamba pa chogwirira. Wanga anayamba atagwira mosemphanitsa ndipo zinatitengera miyezi kuti asiye, ndiye yang'anitsitsani tsiku loyamba lomwelo. Mbali ya kumanzere ana amaithawa chifukwa imachititsa manyazi, kampira kamangogwa pansi ndodo itadutsa, koma mulimbikitseni ndithu poti wosewera wa mbali imodzi anzake amamutseka mosavuta.

Za county simulembetsa ayi, amachita kusankhidwa. Makochi amaonera magemu a kilabu ndi a sukulu, akamuona amamuitanira ku ma development squad (magulu osula achinyamata) ali ndi zaka ngati 14, kenako minor ya osapitirira 17, kenako under 20, pomaliza senior. Shefflin anadutsira ku sukulu ya St Kieran's College, minor, under 21 monga zinalili nthawi imeneyo, n'kulowa senior mu 1999 pansi pa kochi Brian Cody. Dera lomwe mukukhala lili ndi gawo lake, ku Kilkenny, Tipperary, Cork, Limerick, Clare ndi Galway hurling ndi moyo wa anthu ndipo kulimbirana malo kwake ndi koopsa.

Koma ndikuuzeni poyera, mulibe malipiro m'menemu. GAA chiyambire 1884 ndi ya amateur, munthu amasewera fainali pa bwalo lalikulu la Croke Park ku Dublin anthu opitirira 80,000 akuonera kenako n'kubwerera ku ntchito yake ya uphunzitsi kapena ya ku banki. Sukulu asaitayirire. Kuvulala nakonso kulipo, Shefflin yemweyo bondo linamuvuta mu 2007 komanso mu 2010, chaka chomwe anatuluka msanga mu fainali yomwe Tipperary inawina, ndiye mwana akadandaula bondo kapena phewa musamukakamize kulowa, apume kaye.

Nanunso phunzirani kuwerenga zigoli kuti muzitha kucheza naye pobwerera kunyumba. Kampira kakadutsa pamwamba pa mtanda ndi poyinti imodzi, kakalowa mu neti ndi chigoli cha mapoyinti 3, ndiye mukaona 2-15 ndiye kuti zigoli 2 ndi mapoyinti 15, zonse pamodzi ndi 21. Ndipo kochi akapempha makolo oti athandize kutola ma sliotar kapena kunyamula ana pa galimoto, kwezani dzanja, safuna kuti mukhale munaseweraponso.