Kutolera ndalama zachitsulo za ku Zimbabwe za 2008

Anthu ambiri akamva za kugwa kwa dola ya ku Zimbabwe amangoganiza za ndalama ya pepala ija ya madola 100 trillion. Ine mtima wanga uli pa ndalama zachitsulo. Zoyamba ndinazipeza m'chitini cha amalume anga, amene anagwira ntchito ku Bulawayo zaka zambiri asanabwerere kumudzi. Inunso yambirani pakhomo: funsani achibale amene anakhalako ku Harare kapena m'mafamu akumeneko, musanatulutse ndalama yogulira.

Zofunika kuzisakasaka ndi ziwiri, ya $10 yokhala ndi njati ndi ya $25. Zonsezi zinalembedwa chaka cha 2003, koma chakacho chisakusokonezeni. Zinangosungidwa osatulutsidwa, mitengo ya zinthu n'kuzipitirira. Zinafika m'manja mwa anthu mu Ogasiti 2008, pamene banki yaikulu ya dzikolo, Reserve Bank of Zimbabwe, motsogozedwa ndi Gideon Gono, inachotsa maziro 10 pa ndalama ya dzikolo. Nthawi yomweyo ndalama zakale zachitsulo zimene anthu anaziiwala m'madilowa zinayambanso kugwira ntchito. Sizinakhalitse. Patangopita masabata ochepa zinali zosagulanso kanthu, ndipo mu 2009 anthu anangotembenukira ku dola ya ku America ndi randi. N'chifukwa chake zambiri mwa za $10 ndi $25 zija mumazipeza zikadali zowala, zosakhulika.

Mukapeza zimenezi, onjezerani zinzake: 10 senti ya mlambe, 20 senti ya mlatho wa Birchenough, $1 ya mabwinja a Great Zimbabwe, $2 ya ngaka, ndi $5 ya chipembere, yomwe ili ndi zitsulo za mitundu iwiri. Khalani ndi maginito pafupi. Za $1 zakale sizimamatira, koma zopangidwa kuyambira 2001 zimamatira, chifukwa anayamba kuzipanga ndi chitsulo chotsika mtengo chongokutira pamwamba. Ine ndimasunga zonse ziwiri moyandikana, pakuti kusiyana kwakeko kumaonetsa pamene zinthu zinayambira kuvuta.

Chonde musazitsuke. Mng'ono wanga anakwecha $5 yanga ndi phulusa pofuna kundithandiza, ndipo zokandika zakezo sizidzachokanso. Mandimu nawonso ayi. Zigwireni m'mbali, iliyonse muiike m'kaenvelopu kake ka pepala, pamalo ouma, chifukwa zokutira zija zimachita dzimbiri msanga nthawi ya dzinja. Pakaenvelopupo lembani amene anakupatsani ndi kumene anaitenga. Pa ya $25 ya amalume ndinalembapo zimene anandiuza okha, kuti anaibweretsa chifukwa tsiku lonyamuka panalibe chimene ikanagula.