Musanagule batire latsopano, yambani mwayeza magetsi a galimoto yanu

Kuno ku Mangochi, galimoto ikakana kulira m'mawa, mlandu umagwera batire nthawi yomweyo, ndipo mwini wake amathamangira kusitolo kukagula lina. Pakangopita masabata ochepa vuto lija limabwereranso, chifukwa chimene chinapha batire lakale sichinachotsedwe. Batire lili ngati nkhokwe, limangosunga zimene lapatsidwa, pamene wokolola weniweni ndi alitaneta, imene imapanga magetsi injini ikamalira.

Yambani ndi maso anu. Tsegulani boneti n'kuyang'ana mitu iwiri ya batire. Mukapezapo ufa woyera kapena wobiriwira, masulani waya wa negativu poyamba, kenako wa pozitivu, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, muumitse bwino, ndipo pomanga mutsirizire ndi wa negativu uja. Galimoto zoyenda mumsewu wa ku Makanjira zimagwedezeka kwambiri, choncho onaninso waya wochokera ku batire kupita ku thupi la galimoto ngati sunakhwefuke. Lamba woyendetsa alitaneta akakhala wong'aluka, kapena akamalira mokwiyitsa mukangoliza injini, ndiye kuti akuterereka ndipo batire silikutchajidwa mokwanira.

Pambuyo pake pamafunika mita yoyezera magetsi, imene mtengo wake ndi wotsika kwambiri pouyerekeza ndi wa batire. Galimoto itagona usiku wonse yosalizidwa, batire lodzaza limaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6, pamene 12.2 ikutanthauza kuti latsala theka. Pemphani mnzanu alize injini inu mukuyang'ana mita. Nambala ikatsika kufika pansi pa 9.6 pamene batire linali lodzaza, batirelo latopadi. Injini ikamalira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndipo isagwe kwambiri mukayatsa nyali zakutsogolo ndi fani. Ikangokhala pa 12 ndi kadontho, vuto lili ku alitaneta, kawirikawiri makala ake (timabulashi ta kaboni ta m'kati mwake) atha kapena regyuleta, imene imaongolera kuchuluka kwa magetsi, yafa, ndipo izi amakanika odziwa za magetsi amazikonza popanda kugula alitaneta yonse. Ikadutsa 15, batire likuwira, ndipo mudzamva fungo la mazira owola.

Pali chizolowezi china chimene ndikupempha kuti chithe, chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati galimoto ithime. Pa galimoto zakalekale zinkatheka, koma Sienta, Probox ndi Hiace zimene zadzaza pa depoti masiku ano zili ndi kompyuta imene ingapse ndi kulumpha kwa magetsi, ndipo kuigula n'kodula kuposa batire limene mumafuna kulipulumutsa.

Kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa madzi a m'batire msanga. Ngati batire lanu ndi lotsegula pamwamba, yang'anani kamodzi pamwezi ndipo muwonjezere madzi a batire okhaokha (distilled water, osati asidi) ogulitsidwa m'mabotolo. Madzi a m'nyanja kapena a pamjigo, ngakhale aoneke oyera bwanji, ali ndi mchere umene umawononga mapuleti a m'kati.

Batire ndi alitaneta zikakhala bwino koma galimoto n'kumadzuka yakufa, pali chimene chikudya magetsi usiku. Kawirikawiri chimakhala wailesi, zokuzira mawu kapena tchaja ya foni zimene zinalumikizidwa mwachindunji ku batire osadzera ku kiyi. Makanika amayika mita pakati pa batire ndi waya wa negativu, ndipo magetsi otuluka akaposa mamiliampu pafupifupi 50, amazula mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa, apo ndiye padziwika njira yolakwika. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumachititsa kuti mawaya okha ndiwo atenthe mpaka kuyaka, mwina muli pakati pa zitunda za Chowe popita ku Namwera.