Kukonza mwana wasukulu kuti adzatsogolere anzake: malangizo kwa makolo ndi aphunzitsi a ku Chikwawa ndi Nsanje

Sukulu zikatsegulidwa mu Seputembala, aphunzitsi ambiri amathamangira kusankha mamonita ndi mapulifekiti sabata yoyamba yomwe, anawo asanawadziwe n'komwe. Amaloza mnyamata wamtali wokhala kumbuyo, kapena uja amakhala nambala wani pamayeso, n'kumupatsa kapepala koti azilembapo olongolola. Ena amamuwonjezera ndi kamtengo. Pofika Novembala anzake amuda, ndipo iye watulukira kuti dzina limafufutika pakapepalapo ngati mwini wake wamugawirako chitumbuwa. Utsogoleri wauphunzira ndithu mwana ameneyu, koma ndi womwe uja timadandaula nawo tikauona mwa akuluakulu.

Dikirani kaye masabata atatu kapena anayi. M'masabata amenewo penyani zooneka ndi maso: ndani amafika belu lisanalire, ndani amamaliza chomwe wauzidwa ngakhale mphunzitsi watuluka, ndani amabweza cholembera chomwe wabwereka, ndani amavomera akalakwa. Zimenezi mwana sabadwa nazo. Amaziphunzira monga amaphunzirira kupalira, pochita kubwereza wina akumuyang'anira, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi lili kunyumba.

Nthawi, tulo ndi kutentha kwa kuno

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuchigwa kuno kumatha kupitirira madigiri 40. Mwana akaweruka masana sangagwire buku m'nyumba yamalata, ndipo usiku banja lonse limachedwa panja kudikira kuti kuzizireko. Choncho akamasinza m'kalasi, musanamutche waulesi werengani maola omwe wagona. Wa zaka 6 mpaka 12 amafunika tulo ta maola 9 kapena kuposerapo. Wa zaka 13 kupita mtsogolo, osachepera maola 8. Ngati amadzuka 5 koloko, wamng'onoyo akhale atagona pofika 8 koloko usiku. Akagona pakhonde, neti imutsatire pakhonde pomwepo, ndipo kuimanga ndi kuipisira pansi pa mphasa ikhale ntchito yake iye mwini kuyambira Sitandade 3. Malungo akamugwira kamodzi amamudyera masiku angapo a sukulu, ndipo chizolowezi chomwe munachiyamba chimaduka.

Nthawi yabwino yowerenga m'miyezi imeneyi ndi m'mamawa kukangoyera, kamphepo kakadalipo, pomwe tochi safunika. Kwa wa Sitandade 5 mpaka 8, mphindi 30 tsiku ndi tsiku zimapindulitsa kuposa kuchezera usiku umodzi mayeso atafika pakhomo. Koma mphindi zimenezi sizipezeka zokha. Madzi atungidwe madzulo, yunifolomu ichapidwe madzulo, makope alowe m'chikwama asanagone.

Apa mpomwe mabanja ambiri amaphonya. Mtsikana ndiye woyamba kudzuka: kusesa, kutsuka mbale, kukaima pamzere kumjigo, mlongo wake ali chigonere. Akafika kusukulu mochedwa, chibalo chimagweranso iye yemweyo. Gawani ntchito poyang'ana nthawi yomwe iliyonse imatha, osati poyang'ana kuti uyu ndi wamkazi. Mnyamata wodziwa kupalasa njinga atha kubweretsa zigubu ziwiri ulendo umodzi.

Kudzuka nakonso musamuchitire mpaka kalekale. Sabata yoyamba mudzutseni. Yachiwiri muitaneni kamodzi kokha. Yachitatu musiyireni foni yotchera alamu kapena tambala wa pakhomo, ndipo akachedwa akadziyankhire yekha kwa aphunzitsi.

Ntchito yake yake

Kungouza mwana kuti "uzithandiza pakhomo" sikumanga khalidwe lililonse, chifukwa palibe pomwe mungamuyamikire kapena kumufunsa. Ntchito yophunzitsa udindo imakhala ndi mwini wake mmodzi, nthawi yake, muyeso wake, ndi munthu wodzaiona ikatha. Wa Sitandade 1 kapena 2 atsekere nkhuku dzuwa likamalowa, awerenge, abwere anene kuti zilipo zingati. Wa Sitandade 4 aone kuti ndowa ya madzi akumwa ndi yovindikira komanso kapu yotungira ili pamalo pake, yosiyana ndi yomwera. Wamkulu asunge kope lolembamo mbuzi: zabadwa zingati, yadwala iti, yagulitsidwa liti.

Kusukulu, ntchito yomwe imaonetsa msanga mwana wodalirika ndi yosamala mpondagiya, chigubu chosambira m'manja pochokera kuchimbudzi. Pomukonza pamafunika chigubu cha malita 5, mitengo iwiri yamphanda, mtanda wopachikapo chigubu, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Boolani kabowo kakang'ono chakumtunda kwa chigubu ndi msomali wootcha pamoto. Bowo likakula madzi amatha ana khumi asanasambe. Chingwe chichokere kukamwa kwa chigubu kufika kukamtengo ka pansi, kuti mwana akaponda chigubu chipendeke osachigwira ndi manja. Muikeni masitepe ochepa kuchokera pakhomo la chimbudzi, ndipo pansi pake thiranipo timiyala kuti pasachite matope. Sopo mubooleni pakati, mumangirire kuchingwe ndi kumuvindikira ndi kachitini, apo ayi mbuzi zimudya. Sopo akasowa, phulusa ligwire ntchito. Ngati mwana aliyense agwiritsa ntchito mamililita 100, chigubu chimodzi chikwanira ana 50 okha, ndiye kalasi ya ana 80 kapena 100 iyenera kudzaza kawiri kapena katatu patsiku. Ikani ana awiri pa sabata, adzaze asembule isanayambe ndiponso buleki ikatha. Mphunzitsi asangofunsa, apite akaponde yekha. M'sukulu zambiri mpondagiya amamangidwa alendo akamabwera, n'kuuma sabata yotsatira, ndipo ana amatolapo phunziro loti ntchito imagwiridwa pofuna kuonetsa bwana. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu ambiri kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino, ndi chifukwa chokwanira choti anawo auzidwe kuti chigubu chimenechi si choseweretsa.

Mbande ya mtengo imaphunzitsa kupirira, chifukwa zotsatira zake zimachedwa. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Perekani mbande imodzi, kaya ya nimu kaya ya msangu, kwa ana awiri, mayina awo alembedwe. Aitchingire ndi minga tsiku lodzala lomwelo, pakuti mbuzi za kuno sizidikira mawa. Mvula ikasiya azithirira malita 5 kawiri pa sabata, madzulo, ndi kuphimbira patsinde ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde kuopa chiswe. Mitengo yambiri ya pasukulu imafa patchuthi cha Ogasiti. Musanatsekere, gwirizanani kuti okhala pafupi ndi sukulu azisinthana motani, ndipo potsegulira muwerenge yomwe yapulumuka ana onse akuona.

Chenji

Mtsogoleri wakuba amayambira pa chenji chosafunsidwa. Mukatuma mwana kuchigayo kapena kugolosale, werengani ndalama pamaso pake, ndipo akabwera anene yekha: ndinatenga zakuti, ndagula zakuti, zatsala izi. Chitani zimenezi ngakhale chotsalacho ndi K50. Zikaperewera iye n'kunena zoona kuti anagula switi, musamumenye. Mukamumenya, ulendo wina adzanena kuti mtengo wakwera. Muuzeni kuti abweza motani, mwina ndi ntchito ina yapadera, nkhani ithere pomwepo. Ndipo inu makolo, wangongole akafika pakhomo musatume mwana kuti "kawauze kuti kulibe". Zomwe munamuphunzitsa mwezi wathunthu zimafufutika ndi mawu atatu amenewo.

Kuyankhula pamaso pa anthu

Mwambo wathu, wa Chimang'anja ngakhale wa Chisena, umaphunzitsa mwana kugwada, kulandira ndi manja awiri ndi kusadula mawu akulu akamayankhula. Zimenezi zisungidwe. Vuto ndi loti ana ambiri amafika Sitandade 8 asanapatsidwepo mpata wonena ganizo lawo mpaka kumapeto, ndiye akaimikidwa kutsogolo amangoluma chala, maso ali pansi. Mpatawo upangidwe dala. Kunyumba, mukatha kudya madzulo, mwana afotokoze chinthu chimodzi chomwe waphunzira, kwa mphindi ziwiri, popanda womudula. Kusukulu, Lachisanu lililonse mtsogoleri wa gulu aime anene zomwe gulu lake lachita, chomwe chavuta ndi chomwe akupempha. Wolankhula Chisena kunyumba akasakaniza mawu, mphunzitsi aletse kuseka nthawi yomweyo. Mwana wosekedwa kamodzi amatha chaka osakwezanso dzanja. Kukonza chiyankhulo kudikire amalize kaye mfundo yake.

Udindo uzizungulira

Kalasi ya ana 90 yokhala ndi monita mmodzi chaka chonse ikuphunzitsa mwana mmodzi kulamula, ena 89 kudikira kuuzidwa. Igaweni m'magulu a ana 8 kapena 10, anyamata ndi atsikana pamodzi, mtsogoleri azisintha masabata awiri aliwonse. Pa temu ya masabata 12 ndiye kuti ana asanu ndi mmodzi pagulu lililonse alawako. Ntchito ya mtsogoleriyo ikhale yotumikira: kugawa ndi kutolera mabuku atawerenga, kudziwa amene wajomba ndi chifukwa chake, kuyamba iye kugwira tsache. Kapepala ka olongolola ndi ndodo zichoke m'manja mwa ana. Unduna wa Zamaphunziro suloleza ngakhale mphunzitsi kumenya mwana, nanga mwana mnzake?

Wochedwa kumva m'kalasi musamudumphe. Kawirikawiri woweta ng'ombe uja, yemwe masamu amamuvuta, ndi amene amadziwa kuwerenga ziweto madzulo ndi kuyankha ikasowa imodzi. Mtsikana yemwe wabwerera kusukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma imalolera, nayenso alandire udindo nthawi yake ikakwana. Gulu la amayi la pasukulupo lithandize kuti asamanyozedwe. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ana a Sitandade 6 kupita mtsogolo ayenera kuzidziwa zimenezi ndi kudziwa wokamuuza mnzawo akamakakamizidwa.

Mawu amodzi pa za chibalo. Kusesa, kutchetcha ndi kutsuka chimbudzi zikakhala zilango, mwana amakula akudziwa kuti ntchito ya manja ndi ya olakwa, ndipo akadzapatsidwa mpando sadzagwiranso tsache. Ntchito zimenezi zikhale za aliyense mosinthana, mapulifekiti omwe. Chilango chigwirizane ndi cholakwa: wong'amba buku alimate, wotukwana apepese pamaso pa omwe anamumva, wochedwa atsalire amalize zomwe anaphonya.

Nyengo zomwe zimadula chizolowezi

Mapira akayamba kucha ana amatumidwa kukaingitsa mbalame. Thonje likaphulika amakatola. Madzi akaphwa kudimba nakonso kumafuna manja. Sitikunena kuti mwana asagwire ntchito zakumunda. Koma muikireni Loweruka ndi madzulo, chifukwa mukamujombetsa Lachiwiri ndi Lachinayi mwamuuza kuti lonjezo la kusukulu limathyoledwa pakapezeka chifukwa. Amene amasamba kapena kuwedza m'madambo monga a Elephant Marsh ndi Ndindi aphunzire kunena msanga akaona magazi mumkodzo. Ndi likodzo limenelo, mankhwala ake alipo kuchipatala, ndipo manyazi ndi omwe amalikulitsa.

Temu yachiwiri ndiyo yovuta kwambiri. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasandutsa sukulu zambiri za m'chigwa chino kukhala misasa ya anthu othawa madzi, ndipo madera ngati Makhanga ankafikika pabwato kapena pandege basi. Mwana akonzekeretsedwe Disembala asanathe. Makope ndi mabuku azikhala mujumbo yomanga bwino, yopachika kudenga, ndipo aziyang'anira yekha. Adziwe malo okwera omwe mudzi unagwirizana kuthawirako ndi chizindikiro chomwe komiti ya m'mudzi yoona za ngozi imapereka, kaya ndi wezulo, ng'oma kapena chimkuzamawu. Mukakhala pamsasa, sungani ola limodzi lomwelo tsiku lililonse: wa Sitandade 7 kapena 8 asonkhanitse ang'onoang'ono asanu pamthunzi, awerenge nawo, alembe pansi ndi kamtengo ngati makope anapita ndi madzi.

Ana ochokera mudzi umodzi aziyenda pamodzi nyengo ya mvula, wamkulu wodziwika dzina akhale wowerenga anzake ponyamuka ndi pofika. Lamulo lomwe apatsidwe ndi limodzi: mtsinje ukadzaza, onse abwerere. Mitsinje ngati Mwanza ndi timitsinje totsika m'mapiri a kum'mawa kwa Shire imatha kudzaza kuno kusanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda, ndipo madzi akasefukira ng'ona zimafika pomwe sizifika masiku onse. Aphunzitsi aakulu alengeze pa asembule, makolo amvenso pamsonkhano, kuti wochedwa kapena wojomba chifukwa cha mtsinje salandira chibalo ndipo mayeso omwe waphonya adzalemba tsiku lina. Mukapanda kulengeza, mwana wosunga nthawi uja, yemwe mwamuphunzitsa bwino kuopa kuchedwa, ndi amene adzayambe kulowa m'madzi, ang'onoang'ono ali pambuyo pake.