Kufufuza ndalama zochokera ku Joni: poyambira pake

Mukafuna kudziwa zomwe ndalama zochokera ku Joni zikuchita pamudzi, musayambe ndi funso loti "mumalandira zingati?" Anthu amabisa poopa nsanje ndi obwereka. Ine ndikafika pakhomo ku Mangochi ndimayamba ndi ana: fizi ya teremu ino walipira ndani? Nanga malata awa, feteleza wa chaka chatha? Chiwerengero chimatuluka chokha, pang'onopang'ono.

Kenako funsani njira yomwe zimadzera. Zotumiza pa Mukuru zimalembedwa, koma zopatsira madalaivala a mabasi sizioneka m'mabuku a Reserve Bank of Malawi, choncho muzilembe padera. Mukamaliza, yerekezani zomwe mwapeza ndi Integrated Household Survey (kafukufuku wa boma woona umoyo wa mabanja) ya National Statistical Office ku Zomba, yomwe imafunsanso za ana okhala kutali ndi makolo awo.