Malangizo a Kaphikidwe ka Supu ya Nyama Panyumba, Popanda ya m'Paketi

Malangizo awa ndi a supu yolimba, yofiirira, imene timathira pa nyama, pa mpunga ndi pa mbatatisi, kapena kusunsira nsima. Muyeso uli pano umapatsa makapu awiri, ndiye kuti 500 ml, okwanira anthu anayi kapena asanu. Tikati kapu tikunena ya 250 ml. Sipuni yaikulu ndi 15 ml, yaing'ono ndi 5 ml. Werengani zonse musanateleke poto, cifukwa fulaulo akangolowa m'mafuta simudzapezanso mpata woyang'ana pepala.

Zofunika kukonzeratu

Mafupa a ng'ombe hafu kilo, amene ali ndi tinyama pang'ono. Ngati ndi nkhuku, tengani khosi, mapiko, msana ndi mapazi. Ya kumudzi ndiyo imatulutsa msuzi wabwino kuposa buloila. Mufunikanso anyezi awiri, matimati awiri akupsa bwino, kaloti mmodzi ngati alipo, masipuni aakulu anayi a fulaulo, masipuni aakulu anayi a mafuta, madzi aukhondo lita imodzi ndi hafu, ndi mcere. Adyo ndi tsabola zili kwa inu.

Pogula mafupa kuno ku Lusaka, kaya ku Soweto Market, kumsika wa Chilenje kapena m'buchala ya m'komboni mwanu, apempheni awadule tizidutswa. Fupa lodulidwa limatulutsa mafuta a m'kati mwake msanga, ndipo mumasunga malasha.

Coyamba ndi msuzi wa mafupa

Apa ndi pamene pagona kukoma konse, conco musathamange. Tsukani mafupa, muwaumitse, ndipo muwakazinge m'poto yokhuthala pansi ndi sipuni imodzi ya mafuta. Musaathire madzi, ndipo musamangowatembenuza. Asiyeni mbali imodzi ifiire ndithu, kenaka inayo. Pansi pa poto padzamatirira zinthu zofiirira. Ambiri amaona ngati poto yapserera n'kuthamangira kukaitsuka, koma zomatirirazo ndizo zimapatsa supu mtundu ndi fungo. Cofunika ndi cakuti zikhale zofiira, osati zakuda, pakuti zikada supu yonse imawawa.

Ikani anyezi mmodzi wodula pakati ndi kaloti, thirani madzi onse, ndipo palani pansi pa poto ndi mthiko kufikira zomatirira zija zitasungunuka. Madzi akawira, yengulani thovu la pamwamba, cepetsani moto, muvundikire mosiya kampata. Pa mbaula, kucepetsa moto ndi kucotsako malasha ena kapena kuwawaza phulusa pang'ono. Msuzi uzingobwata pang'onopang'ono: mafupa a nkhuku ola limodzi ndi hafu, a ng'ombe maola awiri kapena atatu.

Musadabwe ngati nthawi ipitirirako. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kuno madzi amawira pa 96°C m'malo mwa 100°C. Zowiritsa zimacedwako pang'ono kupsa kusiyana ndi zimene mabuku ophikira a kumaiko ena amanena.

Sefani msuzi, muyese makapu awiri. Ukacepa onjezani madzi owira. Ukaculuka uphwetseni pamoto poto ili yosavundikira. Mafuta oyandama pamwamba ayenguleni muwasunge m'kapu, agwira nchito posacedwa. Musathire mcere pakali pano.

Ngati mwaphika kale nyama kapena mwaocha nkhuku mu uvuni, simufunika mafupa ena. Thirani madzi otentha m'poto kapena m'thireyi momwemo, mupale zomatirira, mwapeza msuzi wanu.

Kukazinga fulaulo

Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: pa kapu iliyonse ya msuzi, masipuni aakulu awiri a mafuta ndi awiri a fulaulo. Yambani ndi mafuta amene munayengula aja, ndipo ngati sakwana masipuni anayi onjezani saladi kapena majarini.

Kazingani anyezi wotsala, wodula ting'onoting'ono, pamoto wapakati kufikira atafewa ndi kufiira. Wazani fulaulo, ndipo kucokera apa dzanja lisacoke pa mthiko. Poyamba adzaoneka woyera ndi kununkha ciwisi. Pakapita mphindi zitatu kapena zisanu asanduka mtundu wa nshawa zokazinga, fungo lakenso n'kukhala lotero. Pamenepo wapsa. Fulaulo wosapsa ndiye amacititsa supu kumveka ngati phala mkamwa, ndipo mcere kapena tsabola sizingabise zimenezo. Dziwaninso kuti fulaulo akafiira kwambiri mphamvu yake yolimbitsa imacepako, conco ngati mukonda supu yoderako mtundu, onjezani sipuni imodzi ya fulaulo. Mukaona timadontho takuda, wapserera. Tayani muyambenso; kuli bwino kutaya masipuni anayi a fulaulo kusiyana ndi kuononga msuzi wa maola atatu.

Tsopano thirani msuzi, koma osati wonse pakamodzi. Yambani ndi hafu kapu, mutakase mwamphamvu. Zidzagwirana ngati nsima yofewa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Thirani hafu ina, mutakase kufikira zitasalala, ndi kupitiriza conco mpaka msuzi wonse utatha. Aliyense amene anaphikapo phala la mwana adziwa kale kuti zibuluma zimabwera ndi cangu.

Matimati apereni pa gireta kapena muwadule bwino, muwaike tsopano. Awiri akwana. Supu iyi ndi ya nyama, matimati angobwera kudzaikometsa. Mukaculutsa imasanduka ija ya masiku onse ya matimati ndi anyezi. Siyani ibwate mphindi 10, mukutakasa nthawi ndi nthawi. Kuti mudziwe ngati yafika, viikani sipuni, mulembe mzere kumbuyo kwake ndi cala. Mzerewo ukakhala osatsekeka, ipulani. Ikamazizira imalimbirako.

Mcere ubwere pothera, hafu ya sipuni yaing'ono coyamba, mulawe. Mukathira poyamba, madzi pophwera mcere umatsala wonse ndipo umawawa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere patsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi. Timakyubu ndi supu za m'mapaketi zimabwera ndi mcere wambiri kale. Kwa amene ali ndi BP, ubwino waukulu wophika nokha ndi uwu, kuti mcere uli m'manja mwanu.

Zikavuta

Ikalimba kwambiri, onjezani madzi owira pang'onopang'ono. Ikakhala yamadzimadzi, iphwetseni. Musawaze fulaulo wouma mu supu yotentha. Ngati muli zibuluma, ipyozeni pa sefa, palibe cataika.

Amene tirigu amawadwalitsa, kapena ngati fulaulo watha, angagwiritse nchito konifulawa: sipuni yaikulu imodzi pa kapu ya msuzi. Uyu sakazingidwa. Musungunuleni m'madzi ozizira, muthire mu msuzi wowira, mphindi ziwiri zakwana. Unga wa bulekifasi wosefa nawonso umalimbitsa, koma upatseni nthawi yokwanira kupsa monga phala, ndipo supu yake siisalala mofanana.

Cenjezo ndi kasungidwe

Gawo ili musalidumphe. Supu ya nyama imaonongeka msanga kuposa nyama yeniyeniyo. Pali tizilombo tina timene sitifa tonse pophika, ndipo poto ikakhala yofunda kwa nthawi yaitali timaswana mofulumira. Supu yotero ingatsegule m'mimba ngakhale isanasase kapena kununkha, conco mphuno si muyeso. Ngozi imakula pamaliro, paukwati ndi pa kicheni pati, pamene mapoto aakulu amaphikidwa m'mawa ndi kudyedwa madzulo.

Musasiye supu panja kupitirira maola awiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Ngati idzadyedwa mocedwa, ikhale pamoto wocepa, yotentha kupitirira 60°C. Yotsala ithireni m'mbale yosazama kuti izizire msanga, muvundikire, muike m'firiji, ndipo muimalize m'masiku awiri. Mukaipeza m'mawa itagwirana ngati jeli, siinaonongeke. Ndi mphamvu ya m'mafupa, ndipo imasungunuka pamoto. Potenthetsa, iwire ndithu mukutakasa, ndipo mutenthetse kamodzi cabe.

Malaiti akapita, firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Akapitirira apo, supu yotsalayo musaidye, ndipo musapatse ana kapena odwala. Ngati mulibe firiji, phikani hafu ya muyeso uwu, yokwanira cakudya cimodzi.

Nyengo yamvula, pamene kolera imavuta m'makomboni monga zinacitikira kumayambiriro kwa 2024, sambani m'manja ndi sopo, ndipo matimati ndi ziwiya muzitsuke ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini. Mbaula ikhale panja kapena pamalo popita mphepo, cifukwa mpweya wa malasha umapha m'nyumba yotseka ndipo sununkha. Cogwirira poto ciloze kumene ana safika.