Kuchepetsa thupi la galu wonenepa

Galu wanga kuno ku Ulongwe ananenepa mpaka ankachita wefuwefu pongofika kuchipata. Vuto ndinali ine: mkute ndi makoko a nsima zonse zinkathera iye.

Musisiteni m'nthiti. Ngati simukuzimva popanda kudinikiza, wanenepa. Chakudya muziyeza ndi kapu imodzimodzi, kawiri patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono, osamugoneka ndi njala. Nsima ndi zamafuta chepetsani, koma usipa ndi maungu ophika zikhalepo. Anawo muwauze, ndiwo amamuponyera mobisa.

Kuyenda yambani ndi mphindi 15 m'mamawa dzuwa lisanakwere, makamaka mu Okutobala. Mlungu uliwonse ndinkakwera naye pasikelo nditamunyamula, n'kuchotsapo kulemera kwanga. Galu wa makilo 30 asatsike kuposa theka la kilo pamlungu. Akapanda kusintha, kamuonetseni kwa dokotala wa ziweto.