VRE m'wodi: kachilombo koyenda ndi manja ndi themomita

Anamwino, inu okolopa m'mawodi, ndi inu magadiyani amene mumayala chitenje pansi pa bedi la wodwala wanu, nkhaniyi ikukhudza nonsenu.

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo totchedwa enterococcus. Tikakhala m'menemo sitivuta. Vuto limayamba tikalowa m'magazi kudzera pa dripi, m'chikhodzodzo kudzera pa paipi ya mkodzo, kapena pabala la opaleshoni. Mankhwala ena akakanika, madokotala ankathamangira kwa vancomycin. Koma mu 1986, ku England ndi ku France kunapezeka enterococcus wosamva vancomycin, yemwe masiku ano timangomutchula kuti VRE. Wovutitsa kwambiri ndi mtundu wa Enterococcus faecium.

Mphamvu yake ili m'majini. Ndikunena majini a chibadwa, osati aja ogwira anthu n'kumawabwebwetsa. Vancomycin amagwira ntchito pokakamira pa kachidutswa kena ka khoma limene kachilombo kamadzimangira. Jini yotchedwa vanA imasintha kachidutswako pang'ono pokha, koma kukakamira kwa mankhwala kumachepa pafupifupi ka 1,000. Choipitsitsa n'chakuti vanA imakwera pa kamphete ka DNA, plasmid, kamene tizilombo timapatsirana monga mmene amayi oyandikana amagawirana mbewu ya nyemba. Mu 2002 ku Michigan, m'dziko la America, jini yomweyi inapezeka itasamukira mu Staphylococcus aureus, kachilombo ka mtundu wina. N'chifukwa chake a ku labu akapeza VRE wosiyanasiyana mwa odwala a wodi imodzi, musafulumire kunena kuti palibe kupatsirana. Mwina chikuyenda ndi jiniyo.

Palinso jini ina yotere, vanB, yofala ku Australia. Mu 2001, pa chipatala cha Royal Perth, odwala 169 m'mawodi 23 anapezeka ndi VRE wa vanB wa mtundu umodzi. Ambiri mwa iwo sankadwala nako, ankangokanyamula m'matumbo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Wonyamula VRE saoneka ndi maso. Ku Perth anathetsa mliriwo poyeza odwala kumatako ndi kathonje, kuika onyamula pa okha, ndi kuchapa mawodi mosasiyako.

Tsono tichite chiyani? Njira ya VRE ndi chimbudzi, manja, kenako chilichonse chimene manjawo agwira. Pa chitsulo cha bedi, pa chitseko cha kuchimbudzi, pa lamba woyezera BP, kachilomboka kamakhala moyo masabata ngakhale pali pouma. Ku Philadelphia, m'dziko la America, mu lipoti la 1992, anapeza kuti mliri unkayenda ndi zogwirira za mathemomita amagetsi oyezera kumatako. Nsonga yake ankaiveka kapepala katsopano kwa wodwala aliyense, koma pogwirira pankakhala pomwepo. Choncho wodwala wodziwika kuti ali ndi VRE akhale ndi themomita yakeyake, lamba wakewake. Zikachepa, pukutani chipangizo chonse, osati nsonga yokha, musanapite nacho pa bedi lina.

Magolovesi asakunamizeni. Ndi kangati timaona munthu wachotsa beseni la chimbudzi pa bedi loyamba, n'kukakonza dripi pa bedi lachitatu ndi magolovesi omwewo? Vulani pomwepo, musambe ndi sopo kapena mupake sanitayiza, ndiye mugwire wina. Manja akaoneka kuti ada, sopo ndi madzi basi.

Inu okolopa, pansi pokha sipokwanira, chifukwa wodwala sagwira pansi. Yambani ndi zitsulo za bedi, kabati ya pambali, mpopi, chitseko, mumalizire kuchimbudzi, ndipo kansalu ka kuchimbudzi kasabwerere m'wodi. Klorini musungunule watsopano tsiku lililonse monga mwa muyezo wa chipatala chanu, ndipo dothi liyambe lachoka ndi sopo, popeza klorini amafooka akakumana ndi nyansi. Wodwala akatuluka, matilesi ong'ambika asalandire wina. Amene wagonekedwa pa bedi losiyidwa ndi wonyamula VRE amakhala pa chiopsezo chachikulu chotengera.

Magadiyani, ndikudziwa kuti kubwerekana kapu, supuni ndi beseni ndi umunthu wathu. M'wodi mokha, pepani, lekani. Mukamusinthira wodwala thewera, sambani musanamumwetse phala.

Mawu omaliza apite kwa olemba mankhwala. Ceftriaxone, amene timamukonda kwambiri m'zipatala za ku Malawi, sapha enterococcus. Amasesa tizilombo tina ta m'matumbo n'kusiyira VRE munda wolimalima, ndipo metronidazole amachitanso chimodzimodzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu, bwererani pa fayilo mudzifunse ngati jakisoniyo akufunikabe. VRE akalowa m'magazi, otsala ndi linezolid ndi daptomycin, mankhwala odula amene mafamase ambiri a zipatala zathu sasunga. Ndipo mukamatumiza wodwala wa VRE ku chipatala china, lembani zimenezo pamwamba pa kalata yotumizira, mwa zilembo zikuluzikulu.